Saluni yanga ya zikhadabo ikudya mpamba: nditseke kapena ndichepetse?

Funso

Ndili ndi saluni ya zikhadabo pa boma la Ntcheu, chaka chino n'chachisanu. Ndimagwira ndi atsikana awiri, wina wakhala nane zaka zinayi, winayo miyezi isanu ndi itatu. Lendi inali K70,000, pano yafika K150,000. Atsikanawo ndimawalipira K130,000 aliyense, ndipo magetsi, madzi, bandulo ndi zina zing'onozing'ono zimadya K60,000. Pamwezi tikumalandira anthu ngati 55, ndipo tikaphatikiza n'kugawa, munthu mmodzi amasiya K12,000. Ngakhale Disembala wapitayu sitinapyole anthu 70. Katundu akungokwera, pomwe anyamata oyenda ndi mabasiketi akumata ma stick-on, zikhadabo zopangiratu zongomata ndi guluu, pamsika pamtengo wozizira. Amuna anga akuti nditseke ndiyambe geni ya kachewere, anzanga akuti nditenge K500,000 ku banki mkhonde ndikongoletse shopu. Ndichite chiyani?

Mayi wa saluni, Ntcheu

Yankho

Zikomo mayi polemba mosabisa, ndi manambala omwe. Ambiri amangoti geni sikuyenda, ndiye wowathandiza amasowa pogwira. Ndikuyankhani mosapsatira mawu: ngongole ya K500,000 ija musatenge, ntchito ya zikhadabo musasiye, koma m'chipinda cha K150,000 chija tulukanimo, ndipo mutuluke mpamba udakalipo. Zifukwa zake zili m'manambala anu omwewo.

Pali nambala imodzi yomwe simunalembe, ndipo ndi imene ikukudyani mwakachetechete: katundu amene amathera pa manja a munthu mmodzi. Eni saluni ambiri amadziwa mtengo wa botolo la gel, koma muwafunse kuti botololo limapaka anthu angati, sayankha. Yambani mawa. Mukatsegula botolo latsopano, matanipo kapepala, ndipo mukapaka munthu muzilembapo kamzere mpaka botololo lithe. Chitani chimodzimodzi ndi top coat, base, guluu, paudala, liquid ya acrylic ndi acetone. Onjezerani ma tips, thonje, fayilo, foil yovulira gel, ndi thiransipoti yopita ku Lilongwe kapena ku Limbe kukapikula. Powerengerapo musagwiritse ntchito mtengo umene munagulira miyezi itatu yapitayo. Funsani mtengo wa lero kwa amene amakugulitsani, chifukwa ndi umene mukalipire botolo likatha.

Apa mpomwe saluni zambiri zinagwera. Katundu wa zikhadabo pafupifupi yense amachokera kunja, kudzera ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena ku China, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi ku banki inachoka cha pa K1,180 n'kufika K1,700. Ndiye poti ku banki madola amasowa, amalonda ambiri amawapeza kunja kwa banki pamtengo wokwera kwambiri, ndipo mtengo wa botolo umatsatira dola yakunja kwa bankiyo. Mwini saluni amene ankakweza mtengo wake pang'onopang'ono poopa kuthamangitsa makasitomala ankaona ngati akupeza phindu, chikhalirecho akugulitsa mpamba. Chizindikiro chake n'chakuti ulendo uliwonse wokapikula umabwerako ndi jumbo yaing'ono kuposa ya ulendo wapita.

Tiyerekeze kuti mwawerengera n'kupeza K4,500 pa munthu. Iyi ndi nambala yongoyerekeza, yanu yeniyeni mudzaiike m'malo mwake. Pa K12,000 ija patsala K7,500. Anthu 55 akukusiyirani K412,500, pomwe lendi, malipiro ndi zina zija n'zokwana K470,000. Ndiye kuti mwezi uliwonse mukutulutsa K57,500 m'thumba mwanu kapena mwa abambo, ndipo inuyo amene mumatsegula shopu m'mawa simunalandire ngakhale tambala. Kuti mungofika poti simunapindule simunaluze, pakufunika anthu 63. Kuti mudzilipire K200,000, pakufunika anthu 90. Mwandiuza nokha kuti mu Disembala, mwezi wa maukwati ndi Khirisimasi, munalekezera pa 70. Mukanandipatsa manambala a Febuluwale okha, pamene ndalama za anthu zathera ku feteleza, fizi ndi chimanga, ndikanati pirirani kaye, anthu akolole agulitse. Koma ngati mwezi wanu wabwino koposa ukulephera kukulipirani, vuto si nyengo ayi.

Taonaninso mbali ina. Anthu 55 pa masiku 26 ogwira ntchito ndi anthu awiri patsiku, ndipo mukuwadikira muli atatu. Gel wamba amatha pa ola limodzi, acrylic wathunthu maola awiri kapena kuchepera. Munthu mmodzi wa manja ozolowera amakwanitsa anthu anayi patsiku osathamanga. Ntchito imene ilipo ndi ya munthu mmodzi, kupatula Lachisanu, Loweruka ndi masiku amene aphunzitsi, anamwino ndi ena a m'boma alandira.

Za ngongoleyo sindichedwapo. Magulu ambiri a banki mkhonde amaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Ngati lanu limatero, K500,000 ikubala K100,000 mwezi woyamba womwewo, yomwe ndi phindu la anthu 14 amene mulibe. Penti watsopano ndi magalasi sizichulukitsa azimayi a pa Ntcheu amene angakwanitse K12,000 ya zikhadabo. Komanso ngongole ya banki mkhonde ikakukanikani, amene amabwera kudzatenga mipando ndi anzanu a kutchalitchi ndi anansi, ndipo chilonda chimenecho chimachedwa kupola kuposa cha ndalama. Za katapila ndiye musayerekeze n'komwe.

Maganizo a abambo sindikuwapeputsa. Iwo aona ndalama zikutuluka m'nyumba ndipo akufuna zileke, akulondola. Koma kachewere ndi ntchito inanso yokhala ndi misampha yake. Amaola, amafuna galimoto, mtengo umagwa aliyense akakumba, ndipo pa Tsangano Turn-off ndi pa Lizulu mukapeza anthu amene akhalapo zaka zambiri, odziwana ndi alimi komanso madalaivala. Kumeneko mukayambira pansi. Kuno muli ndi luso la zaka zisanu ndi anthu 55 amene amabwera okha mwezi ndi mwezi popanda kuwaitana. Khalani nawo pansi abambo, muwaonetse masamu awa ndi amene ndikupatseni pansipa. Amuna ambiri amamva msanga pepala kusiyana ndi mawu akuti ingondikhulupirirani.

Tsono mupite kuti? Njira imene ndimaikonda kwambiri m'matauni ngati Ntcheu ndi Dedza ndi yoika tebulo m'saluni ya tsitsi yomwe ili ndi anthu kale. Mayi amene akulukitsa tsitsi amakhala pampando maola atatu, anayi, nthawi zina tsiku lonse, manja ali pa miyendo osachita kanthu. Ameneyo ndi kasitomala amene wabwera kale, wakhala kale, ndipo ali kale ndi maganizo odzikongoletsa. Mwini saluni naye amapindula, chifukwa anthu anu 55 aja ena azilukitsa komweko. Koma sankhani bwino. Musalowe m'saluni chifukwa mwini wake ndi mnzanu. Kakhaleniko Lachitatu masana, osati Loweruka, muone ngati mumalowa anthu. Tebulo lanu likhale pafupi ndi zenera kapena chitseko, chifukwa fungo la liquid limadandaulitsa anthu, ndipo fumbi la drill, kamakina kopalira zikhadabo, siliyenera kugwera pa tsitsi la munthu. Mgwirizano ulembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, nonse musainire pamaso pa mboni. Mulembemo ndalama ya tebulo pamwezi, amene azigula mayunitsi a magetsi, ngati muzisunga kiyi wanu, komanso masiku ochenjezana wina akafuna kuthetsa. Ine ndimalangiza ndalama yokhazikika pamwezi, osati kugawana pa munthu aliyense, chifukwa kugawana kumabala kuwerengerana makasitomala ndi kukayikirana. Ndipo ndalama za zikhadabo zizilowa m'manja mwanu kapena pa Airtel Money kapena Mpamba yanu, zisamadutse mu kabati ya mwini saluni.

Tiwerengerenso. Tebulo tiyerekeze K50,000, wokuthandizani pa masiku otanganidwa K60,000, zina K30,000. Zonse K140,000. Tinene kuti posamuka mwataya anthu khumi, mwatsala ndi 45. Akukusiyirani K337,500, ndipo mukachotsa K140,000 mwatsala ndi K197,500 yanuyanu. Kuchoka pa kutulutsa K57,500 kufika pa kulowetsa pafupifupi K200,000, ndi anthu ochepa kuposa a lero.

Kugwirira kunyumba n'kotheka ngati mumakhala pofikirika, koma pamenepa ndili ndi nkhawa zenizeni. Acetone ndi liquid zimayaka moto msanga, ndipo nthunzi yake imayenda. Kwathu kuno Juni ndi Julayi kukazizira timalowetsa mbaula m'nyumba; mbaula, kandulo kapena koloboyi zisakhale m'chipinda chimene mwatsegula mabotolo amenewa. Kuzizira komweko kumalimbitsa gel m'botolo ndipo acrylic amachedwa kuuma, ndiye ena amayandikiza mabotolo pamoto. Musatero. Ikani botolo lotseka bwino m'kapu ya madzi ofunda kapena m'thumba la juzi kwa mphindi zingapo. Mukagwirira pakhonde, dzuwa lisawombe botolo lotsegula kapena burashi, chifukwa gel amauma ndi kuwala kwa dzuwa monga momwe amaumira mu lampu youmitsira zikhadabo. Ndipo ngati muli ndi ana aang'ono, zonse zizitsekeredwa m'bokosi lokhoma. Acetone amaoneka ngati madzi akumwa.

Kuyendera anthu kumene ali kukhale kowonjezera. Maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower a ku Kampepuza, Nsipe, Mlangeni kapena Biriwiri amalipira bwino mukatenga mkwatibwi ndi operekeza onse pamtengo umodzi. Lampu zoumitsira gel za LED sizidya magetsi ambiri, ndipo zilipo zotchaja, kotero kuthima kwa magetsi sikuyenera kukuimitsani ntchito. Landirani theka la ndalama tsiku lisanafike, ndipo ya kabaza kapena minibasi ikhale payokha.

Ndikudziwa chimene chikukugwirani mwendo, ngakhale simunachilembe. Pa boma anthu amadziwana. Dzina lanu lili pa chikwangwani, ndipo mukuganiza za amene azidzati uja anali ndi shopu uja pano akubwereka kona kwa mnzake. Adzanenadi, kwa sabata ziwiri. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ndaona azimayi aluso akupirira chaka chathunthu chifukwa cha chikwangwani, mpaka kutuluka ndi ngongole ya lendi ya miyezi inayi, landilodi atakhoma loko wake pachitseko, lampu ndi drill zili m'kati. Amene watuluka yekha amasankha tsiku, amatsanzika, ndipo amanyamula zida zake.

Musanasamuke, lembani m'kope dzina ndi nambala ya kasitomala aliyense, zimene amakonda, ndi tsiku limene anabwera komaliza. Chikhadabo chimakula pafupifupi mamilimita atatu pamwezi, ndiye wa acrylic kapena gel amafunika kubweranso pakatha sabata ziwiri kapena zitatu. Mukamukumbutsa pa WhatsApp tsikulo litayandikira, mwapeza kasitomala popanda kulipira lendi ya m'mbali mwa msewu. Auzeni okha za kusamukako kudakali mwezi, aliyense payekha, musangoika pa status.

Anyamata a mabasiketi aja musapikisane nawo mtengo, simungawathe, chifukwa alibe lendi. Amene akufuna zikhadabo za Loweruka lokha apite kwa iwo, kapena muzimugulitsa ma stick-on okonzeratu pamtengo wake. Inu mukugulitsa ntchito yokhala sabata zitatu osamatuka, yopangidwa ndi zida zoyera. Kwezani mtengo wa acrylic ndi zojambula, zomwe zimadya katundu ndi nthawi, koma siyani khomo lotsika la kyutekisi wamba ndi kukonza mapazi kuti wochepekedwa asachite manyazi kulowa. Mitundu ya gel chepetsani; mukayang'ana pa shelefu mupeza kuti khumi kapena khumi ndi iwiri ndi imene imayenda, ina yonse ndi ndalama zogona zomwe zikulimba m'mabotolo. Ndipo kope la "ndidzakupatsani mwezi ukatha" litsekeni. Chimene mwamata pa chala cha munthu simungakachilande.

Pali malo amodzi amene ndikukupemphani kuti musachepetsepo. Mpamba ukamachepa pamabwera chiyeso chogula liquid yotchipa ya m'mabotolo opanda chizindikiro. Yambiri yotereyi imakhala ndi mankhwala otchedwa MMA, m'malo mwa EMA amene ali mu liquid yabwino. Mudzaizindikira ndi fungo lake lobaya m'mphuno, kuuma gwa moti fayilo imavutika, ndi kukana kusungunuka mu acetone. Chala chikagunda chitseko, acrylic wotereyu sathyoka, amazula chikhadabo chenicheni. Mayi mmodzi akavulala choncho, nkhani imafika ku chipatala, ku sukulu ndi ku msika tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi kugwiritsa ntchito fayilo imodzi pa anthu ambirimbiri kapena zodulira zosaphika: matenda a bowa a m'zikhadabo ndi ena oyenda m'magazi amadutsira momwemo.

Tsopano za atsikana, zomwe ndikuona kuti n'zimene zikukusowetsani tulo. Lamulo la ntchito la Employment Act likuti wolandira pamwezi achenjezedwe kudakali mwezi wathunthu, apo ayi mumulipire mwezi umenewo. Amene wagwira chaka kapena kupyola, ndipo ntchito yatha chifukwa bizinesi yavuta osati chifukwa walakwa, ayenera kulandira severance: malipiro a sabata ziwiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyambirira. Wa zaka zinayi uja ndiye kuti sabata zisanu ndi zitatu. Pa K130,000 pamwezi, sabata imodzi ndi K30,000, zonse K240,000. Wa miyezi isanu ndi itatu sanafike pa severance, koma chenjezo ndi malipiro ake onse ayenera kulandira. Onse awiri muwawerengerenso masiku a tchuthi amene sanapume. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata amayenera masiku 18 pachaka. Pitani ku ofesi ya Labour pa boma pomwepo musanawauze tsiku, akuthandizeni kuwerengera, kuphatikizapo nkhani ya penshoni, ndipo polipira musainirane. Mukuona chifukwa chake ndikuti mufulumire? Mwezi uliwonse umene mukuchedwa ukudya ndalama imene mukanawalipira nayo mwaulemu.

Koma lamulo ndi poyambira chabe. Mtsikana amene wakhala nanu zaka zinayi musamudzidzimutse ndi kalata. Mukhazikeni pansi, muonetseni kope la ndalama, amve kuchokera kwa inu asanamve kwa ena. Mwina ndi iye amene azibwera Lachisanu ndi Loweruka n'kumalandira pa munthu aliyense amene wamupanga. Mwina angakonde kuti gawo la ndalama zake atenge tebulo limodzi, lampu ndi mitundu ingapo akayambe yekha ku Lizulu kapena ku Balaka. Ngati wasankha yekha choncho, zilembedwe pamaso pa a Labour. Ndipo musaope kuti akulandani makasitomala. Ena adzamutsatiradi, koma amene mwasiyana naye bwino amakutumizirani ntchito imene yamukulira. Wamng'onoyo mulembereni kalata yomuchitira umboni, ndipo ngati alibe pepala lililonse, mulimbikitseni afufuze za maphunziro ndi mayeso a TEVETA a ntchito zokongoletsa anthu.

Landilodi mupatseni notisi yolemba molingana ndi mgwirizano wanu. Musanatero, palibe cholakwika kumufunsa ngati angadule chipindacho pakati kapena kukulolani kulowetsa mnzanu wa tsitsi kapena telala kuti mugawane lendi. Akavomera ndipo gawo lanu latsika kufika cha pa K60,000, kukhala pomwepo kungaposenso kusamuka, chifukwa anthu anazolowera khomo. Akakana, tulukani. Ku khonsolo kadziwitseni kuti mwasamuka kuti laisensi ilembedwe za malo atsopano, ndipo ngati muli ndi TPIN, nambala yolipirira msonkho, a MRA nawo alembereni.

Nanga kutsekeratu? Nthawi yake ilipo, ndipo ndibwino muiike tsopano mutu uli wozizira. Dzipatseni miyezi inayi pa malo atsopanowo, umodzi mwa iyo ukhale wa nyengo ya maukwati. Ngati anthu atsika kufika pansi pa 30 pamwezi mutayesetsa kuwakumbutsa, zotsala zanu zikhala zosakwana K90,000, ndipo pamenepo nthawi yanu ingapindule kwina. Chifukwa china ndi thupi. Ngati zala zanu zayamba kuyabwa, kusuwuka ndi kung'ambika m'mbali mwa zikhadabo, kapena chifuwa chimakubanikani mukamagwira ntchito, pitani kuchipatala ndipo muwauze mankhwala amene mumagwira. Thupi likayamba kudana ndi mankhwala a gel ndi acrylic silibwereranso mwakale, ndipo magolovesi wamba opyapyala satchinga mokwanira. Zikafika apo, ngakhale makasitomala atachuluka, ndingakuuzeni kuti musiye acrylic ndi gel.

Mukadzaganiza zotseka, yambani kugulitsa zamadzimadzi, chifukwa zili ndi masiku. Pa botolo pamakhala kachizindikiro ka 12M kapena 24M, kutanthauza miyezi imene katunduyo amakhala bwino chitsegulireni. Mipando, magalasi ndi mashelefu zitsatseni kwa eni saluni anzanu shopu idakali yotsegula, poti ikatsekedwa aliyense amadziwa kuti mwapanikizika ndipo amakupatsani mtengo wachipongwe. Ngati pali akwatibwi amene analipiriratu, abwezereni ndalama zawo kapena muwapereke m'manja mwa mtsikana wanu uja iwo atavomera. Lampu imodzi, drill ndi kope la makasitomala zisungeni, chifukwa mukagulitsa lero, pa mitengo ya masiku ano simudzazigulanso ndi ndalama imeneyo.